Bambo amene anadya munthu anandipeza m'nkhungu

Anzanga, izi si zomva kwa wina ayi, zinandichitikira ine mwini, ndipo chipsera chili pamwendo panga mpaka lero.

Masiku amenewo ndinali nditangokwatiwa kumene ku Matawale, ndipo amayi tinkakwera phiri la Zomba kukatola nkhuni tikuimba, tikusekana za amuna athu, phirilo likadali ndi mitengo, osati dazi mukulionali. Ndimawasowa masiku aja. Pafupi nafe pankakhala bambo wina wachikulire amene kale ankagwira ntchito yausodzi panyanja yamchere ku Mozambiki. Lamulungu lina anaimirira m'tchalitchi kupereka umboni, nati boti lawo litawonongeka anayandama osaona mtunda mpaka mnzawo anafa ndi ludzu, ndipo otsalawo anamudya. Iwo ankayesa akhristu anzawo awamvetsa. Koma kwathu kuno wodya munthu timamutcha chiyani? Mfiti basi! Kuyambira pamenepo ngakhale moni anausowa, akamadutsa ana tinkawalowetsa m'nyumba.

Tsiku lina nyengo yozizira nkhungu inatitsekera kumtunda kwa mtsinje wa Mulunguzi, yoti dzanja lako lomwe osaliona. Ndinasiyana ndi anzanga, ndinaterereka mtolo uli pamutu, mwendo n'kuthyoka. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, ndipo wotulukira m'nkhungumo anali bambo aja, chikwanje kumanja. Anagwada, nayang'anitsitsa mwendo wanga ukuchucha magazi. Abale, ndisabise, ndinadzikodzera. Ndinawachonderera kuti andichitire chifundo, ndasiya mwana woyamwa kunyumba. Anadula timitengo ndi luzi, namanga mwendowo, kenako n'kundibereka kumsana.

Tikutsika, poti pakamwa panga sipatsekeka ngakhale ndili ndi mantha, ndinafunsa ngati sindikuwalemera. Anati ayi, ine ndine wopepuka. Anati munthu anamudya uja anali mng'ono wawo, bere limodzi, amene asanatsirizike anawalumbiritsa kuti asamutaye m'madzi, koma amudye kuti mmodzi mwa awiriwo akafike kwa mayi awo, ndiye zaka zonsezi akhala akusenza iyeyo. Ndinalira pamsana pawo mpaka kumsewu.

Atamwalira, pamaliro tinalipo owerengeka, ndipo nyimbo ndinayambitsa ndine. Lero ndimakhulupirira kuti Mulungu anawakhululukira akadali m'boti momwemo, ochedwa tinali ife. Ndiye inu amene simunaonepo njala yotere, musafulumire kutcha munthu mfiti, mungadzasowe wokuberekani.