Tinkadikira Mchombo Ugwe

M'mawa umenewo ndinali kuseri kwa nyumba, ndikuchapa matewera. Anali zidutswa za chitenje chakale cha amayi. Sopo anali atatha, ndiye ndinkangofikisa pamwala. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Kwathu kunali m'chigawo cha Tete, ku Mozambiki, kufupi ndi malire a Zambia. Dzina la mudziwo sindilemba. Palibenso mudzi pamenepo.

Mkulu wanga Lusiya anali m'chikuta. Anali atangobereka mwana wake woyamba, wamwamuna. Inu obadwira kuchipatala kuno ku Kafue mwina chikuta simuchidziwa. Mayi ndi khanda amakhala m'nyumba, satuluka mpaka mchombo wa mwana utauma n'kugwa. Bambo salowamo. Munthu aliyense wapabanja amati ndi wotentha, akagwira khanda limatupa n'kufa. Olowa tinali awiri: amayi, chifukwa anali amasiye, ndi ine, chifukwa ndinali mwana.

Mwamuna wa Lusiya, alamu anga a Domingo, anali asanamuone mwana wawo. Ankagona m'khitchini. Ndikatuluka ndi beseni ankanditsekera njira.

"Mkazi wanga wamng'ono, tandiuza. Wafanana ndi ndani?"

"Ndi inu, tsoka lake. Chimphuno ngati mbatata."

Ankaseka n'kundigenda ndi chitsononkho.

Nkhondo inali itatizungulira kale. Kutchire kunali amfuti, kumsewu kunalinso amfuti. Awa ankabwera kudzatenga ufa. Awo ankabwera kudzafunsa chifukwa chimene tapatsira anzawo ufa, kenako n'kutentha nkhokwe. Yathu inapsa chimanga chili momwemo. Musandifunse amene anali olungama. Ine ndinkangoona nsapato zawo, ndipo zinali zofanana.

Lusiya ali wotopa, atatsala pang'ono kuchira, m'mudzi munabwera galimoto yoyera. Munali mayi wachizungu ndi anyamata a m'tauni. Anati ndi oona za ufulu wa anthu. Anatisonkhanitsa pabwalo la sukulu n'kufunsa poyera kuti anatentha nkhokwe ndani. Anthu anayang'ana pansi. Alamu anali munthu wosasunga mawu m'kamwa. Ananena zonse. Anawajambula ataima paphulusa la nkhokwe yathu, atanyamula chimanga chopserera. Anawauza kuti dziko lonse lidziwa. Anachoka dzuwa lisanapendeke, poopa msewu.

Dziko linadziwadi.

Mabanja ambiri anathawa masiku amenewo. Ife tinatsala. Mchombo unali usanagwe, komanso wailesi inali itatinyenga. Inkati akuluakulu a mayiko akunja afika kulikulu, akhalitsa pansi mbali zonse ziwiri, ndipo agwirizana kuti mfuti zikhale chete. Alamu ankaika wailesiyo pamtondo, pafupi ndi khomo, kuti amayi amve ali m'kati. Amayi anati mchombo ugwe kaye, zinazo tiona pambuyo.

Ndikuchapa choncho ndinamva magalimoto. Kenako mfuti, kumunsi, cha kusukulu. Sizinamveke ngati za m'mafilimu. Zinkamveka ngati munthu akuthyola nsungwi zouma. Nkhuku zinathawira pansi pa thandala. Tewera lonyowa linali m'manja mwanga ndipo sindinalisiye.

Alamu anafika akuthamanga. Anaima pakhonde la chikuta. Ngakhale pamenepo sanalowe. Anagogoda ndi chala ngati mlendo.

"Amayi, tulukani. Afika."

"Mchombo sunagwe."

"Tulukani, amayi."

Amayi anatuluka atamufunditsa mwana mpaka kumutu. Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Alamu anapatuka n'kutembenukira kukhola la mbuzi. Mwana anadutsa kumbuyo kwawo, pafupi moti akanatambasula dzanja akanamukhudza. Sanacheuke.

Lusiya anatuluka atagwira khoma. Sankatha kuwongoka. Alamu anati akatenge njinga imene anabwereketsa mnzawo wa kufupi ndi sukulu, chifukwa Lusiya sakanafika kumalire wapansi. Anati tidzere kudambo, atipeza pamkuyu wa kumtsinje. Lusiya anafuna kuwaitana. Mkazi amaitana mwamuna wake ndi dzina la mwana, koma mwanayo anali asanapatsidwe dzina. Anangoti, "Inu." Iwo anali atakhota kale.

Amayi anandimangirira mwana pachifuwa. Iwo anakoleka mkono wa Lusiya paphewa pawo. Tinalowa m'dambo. Udzu unali wonyowa ndipo unkacheka miyendo. Mwana ankalemera ngati kathumba ka shuga.

Pamkuyu tinakhala pansi. Kumudzi kunkakwera utsi, woyera poyamba, kenako wakuda. Anthu ankatidutsa, ena ndi mitolo, ena chimanjamanja. Aliyense ankati tinyamuke. Magazi ankatsika pamwendo wa Lusiya mpaka kuchidendene. Amayi anawapukuta ndi tewera lija. Ine ndinkamvetsera belu la njinga.

Mthunzi wa mkuyu utasamukira mbali ina, amayi anaimirira. Anathyola nthambi n'kuigoneka panjira yopita kumsewu, kuti alamu akafika adziwe kuti sitinadzere kumeneko. Lusiya sanatsutse. Anangoiwongola nthambiyo ndi phazi kuti ioneke bwino.

Tinayenda masiku angapo. Tinkagona m'zigafa za fodya zosiyidwa. Tinkadya chinangwa chachiwisi cha m'minda ya eni ake. Msana wanga unauma. Mayi wina amene tinkayenda naye anati andilandireko mwana. Amayi anamuyang'ana, anayang'ananso mwamuna wake amene anali pambali, n'kunena kuti zikomo, ali naye mwini. Ndinawada amayi tsiku limenelo.

Mwanayo sankalira kwambiri. Zimenezi zinkandiopsa kuposa mfuti. Ndinkaika chala pamphuno pake kuti ndimve mpweya. Ndikaumva ndinkayenda pang'ono, n'kuikanso chala.

Tikapuma paliponse amayi ankamuvundukula kuti aone mchombo. Unali utada n'kukhwinyata ngati phesi la dzungu. Anaumanga ndi kansalu kuti usagwere pakati pa miyendo, chifukwa amati ukagwera pamenepo mwana wamwamuna sadzabereka. Kumbuyo kwathu midzi inkapsa, amayi ankaganiza za adzukulutuvi.

Pamlatho wina wamitengo tinapeza chingwe chitamangidwa kutseka njira. Panali amfuti. Amuna anawakhazika pambali atawavula malaya. Akazi tinaima pamzere. Mnyamata wina wamfuti ankayenda mumzerewo ndi foni yosweka galasi, n'kumaonetsa aliyense.

Atafika pa ife ndinaona. Anali alamu, ataima paphulusa la nkhokwe yathu, chimanga chopserera chili m'manja. Anavala malaya awo a mizeremizere. Kumbuyo kwawo kunkaoneka thandala lathu, ndi beseni lomwe ndinkachapiramo.

Mnyamatayo anafunsa Lusiya ngati akumudziwa munthuyo. Lusiya anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ndinkamva mtima wanga ukumenya pamutu pa mwana.

"Sindikumudziwa," anatero.

Anafunsa kumene kuli bambo wa mwana. Amayi anati ali ku Joni, anapita kalekale. Mnyamatayo anakoka chitenje cha pachifuwa panga kuti aone ngati ndabisa kanthu. Dzanja lake linkanunkha fodya ndi mafuta a mfuti. Anaona mwana. Anamugwira tsaya ndi chala, kenako mphuno, n'kuseka. Amayi anatulutsa kamawu kukhosi ngati munthu wapondedwa. Mnyamatayo anakweza chingwe.

Tinawoloka n'kuyenda mpaka mlatho utabisika. Kenako Lusiya ananong'ona kuti ngati akuwafunafuna ndiye kuti sanawagwire. Mawu amenewo ndi amene anamuyendetsa mtunda wotsalawo.

Amayi sanamve n'komwe. Anakhala pansi panjira, n'kumuvula mwana, n'kuyamba kumusisita mapazi ndi masaya kuti aone ngati ayamba kutupa. Munthu wotentha anali atamugwira, ndipo mankhwala omutsirika nawo anatsala kumudzi. Kuyambira pamenepo ankamuyang'ana mapazi pafupipafupi. Nane ndinayamba kuona ngati akutupa. Mpaka lero sindidziwa ngati ankatupadi.

Malire sitinawaone. Tinangozindikira kuti bambo wina wolima m'munda akutiyankha moni mopanda mantha. Anati muno ndi m'Zambia. Mchombo unagwa tsiku lomwelo, m'mphepete mwa munda wake. Unagwera m'kansalu kaja. Umayenera kukwiriridwa kuseri kwa nyumba ya kwawo kwa mwana. Amayi anayang'ana uku ndi uku, n'kuumanga pangodya ya chitenje chawo.

Kuchipatala cha kufupi ndi malire namwino anamulanda mwana m'manja mwanga osafunsa aliyense. Anali ndi mphete yaukwati pachala. Ulendo uno amayi sanakanize. Namwinoyo anamugoneka Lusiya n'kumuika madzi a m'botolo pamkono. Ine manja anga anakhala opindika pachifuwa tsiku lonse, ngati mwana akadali pomwepo.

Tinadikira pamenepo. Anthu akwathu ankafikabe. Njinga iliyonse ikalira belu Lusiya ankadzuka. Mayi wina wa m'mudzi mwathu anati anaona njinga ya alamu itagona pansi kuseri kwa sukulu. Pakaliyala panali patamangidwa bulangete lopindidwa bwino, poti wina akhalepo. Mwini wake sanamuone. Palibe amene anamuona.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankakhala ku Kafue kuyambira ali mnyamata, ankagwira ntchito kufakitale. Atamva anatumiza uthenga kuti tibwere. Tinakwera basi mpaka ku Lusaka, kenako minibasi. Titatsika ndinamva fungo la kumafakitale n'kuganiza kuti kukupsa mudzi. Anthu ankangoyenda, ena akugula tomato. Pa Nangongwe, komboni ya amalume, mwana wina anaphulitsa pepala la pulasitiki ndipo ndinagwa pansi chafufumimba. Anzake anaseka.

Akazi awo a amalume anatilandira pakhomo. Anamutenga mwana n'kumukweza m'mwamba.

"Kamwana aka ni ndani zina?"

Amayi anati alibe, bambo ake sanamutche.

"Imwe ba mulamu, mwana angankhale bwanji alibe zina? Uyu ni Juniya."

Anatiphikira nshima ndi nsomba za mumtsinje wa Kafue. Lusiya anadya akuyang'ana kuchipata. Titatha kudya amayi anapita kuseri kwa nyumba, pafupi ndi pompi. Anakumba ndi supuni, chifukwa panalibe khasu. Anamasula ngodya ya chitenje n'kukwirira mchombo. Nyumbayo inali ya lendi. Mwini wake anadzathira simenti pamenepo n'kumanga kashopu kometeramo tsitsi.

Mtendere anadzasainirana patapita zaka. Ndinaonera pa TV ya m'kashopu komweko. Amuna a masuti ankakumbatirana, alendo akunja akuwomba m'manja. Palibe amene anatchula nkhokwe. A galimoto yoyera sanabwere kudzafunsa kuti munthu amene anamujambula uja ali kuti.

Sukulu ndinasiya. Anandiika m'kalasi la tiana chifukwa ndinkadziwa Chipwitikizi m'malo mwa Chingelezi, ndipo tianato tinkandiseka. Ndimagulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Kutchalitchi amandipempha kuti ndiime kutsogolo ndipereke umboni wa mmene Mulungu anatipulumutsira. Ndimakana. Sindidziwa kuti ndinganene chiyani za amene sanapulumuke.

Amayi anamwalira kuno, tinawaika kuno. Mpaka kumapeto ankamugwira Juniya mapazi akagona. Lusiya alipo, amasoka zovala kumsika. Sanakwatiwenso. Sanalire maliro, chifukwa palibe amene anamuuza kuti kuli maliro.

Juniya sanatupe. Ndi wamtali, amasewera mpira wopanda nsapato, ndipo amati ndi wa ku Kafue. Sindimutsutsa. Mchombo wake uli pansi pa simenti ya ku Nangongwe.

Chithunzi chija chikadali pa intaneti. Ndi chokhacho chimene tili nacho. Tsiku lina ndinamuonetsa Juniya pafoni yanga, tili pamsika. Anachikulitsa ndi zala mpaka nkhope inadzaza galasi lonse. Anayang'ana, n'kudzigwira pankhope.

"Ba anti, mphuno monga yanga."

Ndinati inde, ndinawauza bambo ako.

Iye bambo ake wawaona. Iwo anayang'ana kukhola la mbuzi.