Tsiku Limene Ndidalakatula Sura Pamaso pa Amanijala

Ndodo ya amalume idali ya nsungwi, yakuda pogwirira chifukwa cha thukuta ndi phula la fodya. Adaidula atasiya kuona, mankhwala opopera nazale atawagwera m'maso. Tinkakhala pa esiteti ina kufupi ndi Nsaru, mabanja asanu ndi awiri ochokera ku Mangochi, tonse matenanti, pakati pa midzi ya Akhristu.

Nyengo yosankha fodya chaka chimenecho ndidali ndi zaka khumi. Madzulo amwalimu ankatiphunzitsa Korani m'chigafa, fungo la masamba ouma likutikanda pakhosi. Adatipatsa sura yaifupi, natifotokozera chiyambi chake. Mtumiki ankalankhula ndi akuluakulu a ku Makka, akuyembekeza kuti akhulupirire. Padafika munthu wakhungu wofuna kuphunzira. Mtumiki adakwinya nkhope, nayang'ana kumbali, ndipo Mulungu adamudzudzula. Amwalimu adanena zimenezi misozi ikulengeza.

Ndidakawasimbira amalume. Adandiuza kuti ndibwereze katatu.

"Mawa unditengereko, ndikaiphunzire ndekha," adatero.

Adachapitsa mkanjo wawo kwa amayi. Tidayenda pang'onopang'ono, dzanja lawo lili paphewa panga. Titafika kuchigafa kuja tidapeza amanijala a esiteti atakhala pampando, amwalimu ataima chowerama, akupempha malo omangapo mzikiti. Amalume adapereka salamu mokweza. Amwalimu adayang'ana kumbali. Adandiyang'ana, nandikupiza ndi dzanja monga amachitira pothamangitsa nkhuku pa mphale.

"Atengere kuseri, iwe. Sukuona alendo?"

Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umanditentha. Munthu amene dzulo lake adalira pofotokoza sura ija! Ndipo amanijala, amene adakana ngakhale galimoto yotengera amalume kuchipatala maso akadali otupa, ankangosewera ndi makiyi.

Sindidasunthe. Ndidaimirira pakati pa milu ya fodya, ndi kuyamba kulakatula surayo mokuwa. Nditamaliza ndime zoyamba ndidaloza amalume.

"Wakhungu uja si uyu? Mwamuyang'anira kumbali bwanji?"

Azimayi osankha fodya adasiya ntchito. Amanijala adafunsa kuti mwanayu akuti chiyani, ndipo amwalimu adati ndi nyimbo za ana.

Nyimbo za ana! Mtumiki chidzudzulo chake sadachibise, adachiphunzitsa yekha kwa anthu. Amwalimu athu adachikwirira ndi bodza kuti apeze kamalo ka m'dambo, kamene pomaliza sadapatsidwe n'komwe. Pa zimenezi sindidawakhululukire, ngakhale adamwalira kalekale.

Amayi adandikwapula ndi kamtengo ka pichesi. "Ukufuna atikweze lole tibwerere kwathu chimanjamanja, eti?" Sindidalire. Ndinkadikira kuti amalume andiikire kumbuyo.

Sadatero. Pobwerera paja adachotsa dzanja paphewa panga, nayenda okha, akupunthwa m'mizere. Nyengo yonseyo sadandipemphenso kuti ndiwatsogolere, ndipo za sura ija sadazitchulenso. Ine ndinkati akwiyira amwalimu, ndipo ndinkakwiya nawo limodzi monyadira. Sindinkadziwa kuti chiyambireni vutolo iwo ankauza aliyense kuti maso akungowawawa, achira mvula ikagwa, ndipo anthu onse a pa esiteti ankawavomereza. Woyamba kuwatchula wakhungu, pagulu, chala chili pa iwo, ndidali ine.