Khutu Langa pa Chifuwa cha Esinati

Ndinadzidzimuka tambala asanalire, nditatsamira chipupa cha nyumba ya amayi, miyendo itachita dzanzi. Lemba bwinobwino mwanawe, usandithamangitse. Chinali chaka chotsatira njala yaikulu ija, agogo ako aamuna ali ku Joni. Azimayi a mpingo anali atayimba mpaka mawu kusasa. Panja amuna anazungulira chitsa cha moto atafunda masaka, poti kunali chiperoni. Pakati pa nyumba panagona mng'ono wanga Esinati, atamufunditsa nsalu mpaka kumutu. Anthu onse anadziunjika kuzipupa, palibe amene anayandikira mphasa yake.

Esinati ankagwa khunyu kuyambira ali wamng'ono. Masiku amenewo munthu akagwa onse ankathawa, ati thovu lake likakukhudza, kapena ukapuma mpweya woipa umene wataya, nawenso uyamba kugwa. Ine sindinkathawa. Si kulimba mtima ayi, tinkagona mphasa imodzi, ndikanathawira kuti? Akayamba kuphupha ndinkamugoneka chammbali, kumupukuta kukamwa, dzanja langa lili pachifuwa pake. Mtima unkathamanga ngati wa njiwa yogwidwa m'manja. Kenako kupuma kunkaima, milomo nkuda bii. Pamenepo ndinkayimba chamumtima nyimbo ya kutchalitchi. Ndime imodzi isanathe ankakoka mpweya mwamkonono, ine nkudziwa kuti wabwerera. Tsiku lina anandifikitsa ndime ziwiri ali zii, amayi atayamba kale kulira. Anadzuka nkupempha madzi akumwa.

Ndiye tsiku limene anagwa komaliza ine panalibe. Ndinapita ku Lisungwi kukasinthanitsa nyemba ndi mchere. Pobwera madzulo ndinapeza masamba panjira, anthu akulira. Anagwa kumunda chafufumimba, nkhope m'dothi, ali ndi amayi. Amayi ndi mantha anathamangira kumudzi kukaitana anthu. Ndinafunsa kuti anamvera mtima wake ndani. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Anangomutembenuza ndi mpini wa khasu, nkumunyamula pamphasa, basi. Usiku wonse ndikati ndisendere pafupi, azakhali ankandikoka nsalu.

Kutacha anakoleza moto pamafuwa kuseri kwa nyumba, utsi wa nkhuni zonyowa nkumakwawa pansi. Anthu ankatsika m'mapiri mondondozana, wina kaufa m'mbale, wina mtolo wa nkhuni, ambiri chimanjamanja. Njala inali isanachoke m'matupi, ena unkachita kuona kuti maso awo ali kumiphika. Ankalirira pakhomo osalowa. Adzukulu okumba manda anatumiza mawu kuti madzi ayamba kulowa m'dzenje, tifulumire. Malume anazula chitseko cha nyumba yawo kuti akhome bokosi. Anayamba kumenya misomali.

Azimayi awiri achikulire analowa kukasambitsa thupi, atakulunga manja awo ndi masanza. Ine ndinalowa pambuyo pawo.

"Tuluka iwe, uli ndi mwana woyamwa," anatero mmodzi.

"Ndimvere kaye mtima, agogo. Uyu amachita chonchi, kenako amadzuka."

"Kuyambira dzulo? Taona mkonowu, wauma gwa."

Sindinawamvere. Ndinagwada nkuvundukula nsalu. M'mphuno mwake munali dothi la kumunda, ndinalichotsa ndi chala. Ndinaika khutu pachifuwa. Panali pozizira ngati mwala wa kumtsinje. Ndinayamba nyimbo yanga ija. Ndime yoyamba inatha. Yachiwiri inatha. Ndili pakati pa yachitatu ndinamva kanthu, patalipatali: du... du... du. Ndinakuwa, ndipo oyimba panja analeka.

Malume analowa nyundo ili m'manja. Nditawauza, anagwira dzanja langa nkuliika pakhosi panga.

"Ukumva wako womwe, mwana iwe. Wakowo."

Zoona, wanga unkagunda mpaka m'makutu. Ndinapempha nthenga ya nkhuku, anandipatsa. Ndinaiika pamphuno pake nthawi yaitali, sinagwedezeke. Ndinati tidikire mpaka mawa. Malume anati anthu achokera kutali ndi njala, dzenje likudzaza madzi, ndipo palibe amene angalole kugona naye kawiri m'nyumba. Ndinali wamng'ono, mwanawe, ndipo malume sankayankhidwa. Ndinatuluka. Ndili panja ndinamva akukhoma chivundikiro.

Tinanyamuka mvula ikuwaza. Njira ya kumanda kwathu ndi yotsetsereka, dothi lake lofiira loterera. Onyamula anaterereka kawiri, ulendo wachiwiri bokosi linagunda mwala. Ndinatchera khutu kuti mwina abuula. Koma anthu ankayimba mokweza, ndipo ndinkalakalaka nditawatseka pakamwa onse. Mkulu wa mpingo anafupikitsa mawu chifukwa cha mvula, buku lake atalibisa m'jekete. Adzukulu anayamba akapa madzi ndi chipande, kenako anatsitsa bokosi. Ndinaima m'mphepete penipeni kumvetsera, dothi likugwa, mpaka phokoso la matabwa linasiya kumveka. Azakhali anachita kundikoka.

Pobwerera onse anasamba m'manja kumtsinje. Ine anandisambitsa thupi lonse ndi masamba owawa, ndipo chakudya anandiikira pandekha.

Madzulo anthu anabalalika. Achibale otsala anakagona kwa malume, nyumba yopanda chitseko ija, poopa ya amayi. Tinatsala ine, mwana wanga ndi amayi. Kuyambira dzulo lake amayi anali asanayankhule ndi munthu. Sitinakoleze moto. Patapita nthawi ndinamva mawu awo kuchokera pakona.

"Iwe, pachifuwa paja unamva chiyani?"

Ndinawayang'ana. Ndi iwo amene anamusiya nkhope m'dothi, ndi iwonso amene anayamba kulira maliro.

"Palibe, amayi. Unali wanga."

Anausa moyo, nkudzigoneka pansi. Mpaka imfa yawo sanandifunsenso, ndipo ine sindinauzepo munthu china. Koma iwe lemba mmene zinalili. Amayi anagona tulo, mwana anagona, madzi ankadontha kuchokera kudenga. Ine ndinakhala tsonga m'nyumba ya zii ija, chifukwa mtima wanga m'mawa muja unkathamanga, koma umene ndinamva unkagunda pang'onopang'ono.