Tizilombo Toyera m'Thonje Langa

Chaka chimenecho thonje langa linayera nthawi yake isanakwane. Kunsonga kwa nthambi kunaunjikana tizilombo toyera ngati ufa, masamba n'kuyamba kupiringizika. Posakhalitsa tizilomboto tinafalikira m'minda ya anzanga.

Alangizi a zaulimi anabwera kuchokera ku Kamwendo. Anatola tizilombo tingapo ndi kanthenga n'kutiponya m'kabotolo ka sipiriti. Anati timaoneka ngati kodikodi wa chinangwa, koma maso amanama. Ku labotale akayeza DNA, chimene chamoyo chilichonse chimatengera kumtundu kwake, kuti adziwe kumene tachokera.

Kenako anatifunsa tonse kuti, "Alipo amene anatenga mbewu kapena mitengo kutsidya kwa malire?"

Ndinayang'ana pansi. Miyezi iwiri m'mbuyomo ndinali nditanyamula panjinga timitengo ta maluwa kuchokera kwa azakhali anga ku Zambia, podzera njira yachidule, n'kubzala m'mphepete mwa munda womwewo. Alangizi atangochoka ndinakatizula kuti nditenthe. Kunsi kwa masamba ake kunali mbuu ndi tizilombo tomwe tija.

Kwa masabata atatu tinadikira zotsatira za ku labotale. Njinga yamoto ikamveka kumsewu, ndinkangoti ndi alangizi aja, akubwerera ine.

Atabweranso, alangizi anati kachilomboko n'kachilendo, kwawo n'kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo kafika kale m'maiko ambiri. Anzanga anapukusa mitu, ena n'kumati kanabwera ndi mphepo. Makina a ku labotale anadziwa kwawo kwa kachilombo, koma njinga imene inakanyamula ndinkaidziwa ndine ndekha, ndipo ndi imene ndinakwera pobwerera kunyumba.