Ana anayankha ndisanafunse

Chaka chimene ndinkaphunzira ntchito ya uphunzitsi, koleji inanditumiza ku sukulu ina ya pulayimale cha ku Mlangeni, kumene mphepo ya mu Juni imalowa m'kalasi ngati nayonso inalembetsa. Anandipatsa Chingerezi cha Sitandade 7. Tsiku lina ahedi anandiitana n'kundiuza kuti Lachinayi lotsatira kubwera mayi wina wa ku koleji kudzaona mmene ndikuphunzitsira, ndipo malikisi awo ndi amene adzanene ngati ndapambana kapena ndibwereze. Kwa ine kulephera kunali kubwerera ku Nsipe kukathandiza amayi kuthamangira mabasi ndi beseni la kachewere, anthu onse a pamsewu atazolowera kale kundiitana kuti aphunzitsi.

Ndinayang'ana phunziro limene linagwa pa Lachinayilo. Linali la muonjezi, malo amene amakhala m'chiganizo cha Chingerezi.

Ndinene zoona, muonjezi wa Chingerezi sindinkadziwa pokhala pake. Mayeso a Fomu 4 ndinakhoza poloweza basi. M'Chichewa ndikhoza kunena kuti ndimadzuka m'mawa nthawi zonse, kapena nthawi zonse ndimadzuka m'mawa, palibe wondiseka. Koma buku linkati "always" amakhala mneni asanabwere, kupatula ngati mneniyo ndi "is", pamenepo ndiye amabwera pambuyo. "Slowly" amakonda kumapeto. "Sometimes" ndiye wopanda mudzi, kutsogolo alipo, pakati alipo, kumapeto alipo. Ndikamawerenga ndinkamva bwinobwino, ndikangotseka bukulo zonse balala. Ndinkaopa kuti mwana wina adzabwera ndi chiganizo chakechake chimene m'buku mulibe, ine n'kungoti kakasi mlendo akulemba.

Ndinakadandaula kwa bambo amene ankandiyang'anira ntchito pasukulupo, mphunzitsi wakale wa jekete limodzi lomwelo chilimwe ndi dzinja. Anandiseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye mukuwonda ndi chimenechi, aphunzitsi? Aphunzitsirenitu anawo. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Pofika Lachinayi mudzangodutsamo. Tonsefe tinadzera momwemo."

Sindinatsutse ngakhale pang'ono. Ndinadula makatoni a sopo, pa chidutswa chilichonse n'kulembapo liwu limodzi. Ana ankabwera kutsogolo, aliyense atanyamula liwu lake, n'kuima pamzere kupanga chiganizo, wonyamula muonjezi n'kumayenda kufunafuna malo ake. Ziganizo ndinasankha zisanu zokha, zimene ndinali nazo mtima. Ndinasankhiratu ngakhale wolakwitsa, kuti zidzaoneke zenizeni. Anali mtsikana wina wamtali kuposa anzake onse, amene ankabwera mochedwa chifukwa choyamba wathirira kaye kudimba. Ntchito yake inali kuima polakwika kuti anzake amukonze, ndipo ankaigwira monyadira.

Lachitatu poweruka ndinawauza kuti, "Mlendo akafunsa, phunziroli ndi latsopano. Mwamva?"

"Tamva, madamu!"

Ankandikonda ana amenewa. Ena ankandibweretsera nandolo ndi mapichesi popanda chifukwa, ndipo ndinkadziwa kuti sangandigwetse.

Lachinayi mayi aja anafika pa njinga yamoto ya kabaza, aafupi, a magalasi, fumbi lili mbuu m'nsapato. Anakakhala kumbuyo pa desiki limodzi ndi ana, fayilo pamiyendo. Ndinapereka moni. Polemba mutu wa phunziro pa bolodi choko chinathyoka kawiri.

Nditangogwira makatoni aja, ndisanatchule dzina la munthu, ana asanu anadzuka. Anabwera kutsogolo, aliyense n'kusolola liwu lake pamulu popanda kufunafuna, n'kuima pamzere. Mtsikana wamtali uja anakaima polakwika paja, nkhope ili yosangalala. Ndisanafunse ngati chiganizo chili bwino, manja onse anali m'mwamba, zala zikulira.

"Madamu! Madamu! Ine madamu!"

Anamukonza. Asanu ena anali ataimirira kale. Ndinayesa kuwachedwetsa ndi maso, koma iwo ankaona ngati ndikuwalimbikitsa. Phunziro lofunika kudzaza piriyodi yonse linatha anthu asanatenthetse n'komwe mipando. Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana makatoni.

Mayi aja anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Pepani aphunzitsi, ndingafunseko?"

Anabwera kutsogolo n'kulankhula ndi ana m'Chichewa, mofatsa. "Mwakhoza bwino kwambiri ana inu. Kodi phunziro limeneli munaliphunzira liti?"

Kalasi yonse inayankha pamodzi, mawu amodzi, ngati nyimbo ya kutchalitchi.

"Ndi latsopano, madamu!"

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Iwo anangogwedeza mutu. Anatola katoni imodzi, n'kuitembenuza, n'kulemba kumbuyo kwake liwu limene silinali m'ziganizo zanga zisanu zija, "rarely". Sanapereke kwa mwana. Anandipatsa ine.

"Uyu muikeni inuyo, aphunzitsi, tione."

Ndinanyamula katoniyo pachifuwa n'kuyamba kuyenda kutsogolo kwa mzere wa ana aja. Mutu unaima. Ndinkadziwa kuti lamulo ndinaliwerengapo, tsamba lake ndinkaliona m'maganizo, koma mawu ake ayi. Ana anaona kuti madamu awo zawavuta, ndipo anayamba kundinong'oneza. Wina amati apa, wina amati ayi apa, wina n'kusuntha pang'ono kundipatsa mpata. Iwonso sankadziwa, ankangofuna kundipulumutsa. Belu la buleki linandipeza ndikadali chiyendere.

Tinakakhala mu ofesi ya ahedi awiriwiri. Ndinayembekezera kukalipiridwa, koma mayiwo anavula magalasi n'kumawapukuta ndi nsonga ya chitenje kwa nthawi yaitali.

"Sindikulembani kuti mwalephera," anatero. "Sindikulembaninso kuti mwakhoza, chifukwa lero sindinakuoneni mukuphunzitsa. Ndidzabweranso, koma tsiku sindinena. Za muonjezizi musade nazo nkhawa, mukhala pansi muwerenga, ifenso zinativutapo. Chandiwawa ine n'chakuti pali chinthu chimodzi chimene mwawaphunzitsa anawa sabata ino, ndipo achimva onse, palibe wotsalira."

Sanachitchule, koma ndinadziwa kuti akunena za kunama kuja.

Anabweradi patapita masabata angapo, m'mawa wina kukuwaza mvula, ndipo ndinapambana mwa apo ndi apo. Za tsiku limenelo sindikumbuka zambiri. Lachinayi lija ndi limene silindichoka.

Potuluka mu ofesi muja ndinapeza ana anga sanapite kukasewera. Anali ataunjikana pakhomo la kalasi, manja m'khwapa chifukwa cha mphepo. Mlendo atakwera njinga yake n'kuchoka, mtsikana wamtali uja anandiyandikira. Maso ake anali ofiira.

"Madamu, mwalephera chifukwa cha ife?"

Ndinati ayi.

"Nanga talakwitsa pati? Ifetu tinanena zonse mmene munatiuzira."

Onse ankandiyang'ana, kudikira kuti ndiwauze polakwika kuti mawa adzakonze. Ndinangowauza kuti alowe m'kalasi, kunja kukuzizira.