Mwini Diso

Maso anga anayamba kuchita nkhungu zaka zija azungu anali atangomanga boma pa Dowa. Poyamba ndinkati ndi utsi wa m'nyumba. Koma tsiku lina ndikupalira m'munda mwathu, m'munsi mwa phiri la Ntchisi, ndinasadza mzere wonse wa chimanga ndikuyesa udzu. Ng'ala inali itagwira maso onse awiri.

Kunamveka kuti ku chipatala cha mishoni kwabwera dokotala wochotsa ng'ala ndi kampeni. Kunamvekanso kuti amakolowola maso n'kumawatumiza kwawo. Anthu akwathu mbiri yoopsa sagona nayo. Ine ndinati mundiperekeze basi. Tinapita atatu: ine, mwamuna wanga, ndi mlongo wanga wamkulu, amene anatitsatira kuti akaletse.

Dokotalayo anandikanula zikope ndi zala zozizira, kenaka analankhula ndi womasulira, bambo wina wa mawu aakulu. Womasulirayo anafunsa, "Mwini wake wa mayiwa ndani? Adokotala akufuna amuna awo alole."

Mwamuna wanga anatsokomola. "Ine ndine mkamwini chabe, ndinangobwera kudzakwatira. Mwini mbumba ndi awa."

"Mbumba ndi yanga, ndipo ndakana," anatero mlongo wanga. "Ameneyu adzapita kumanda wathunthu monga anabadwira."

Mzungu ankalimbikira za mwamuna, mlongo wanga za mbumba, womasulira ali piringupiringu pakati. Mawu ankangodutsa pamutu panga ngati akukambirana za mbuzi. Mtima wanga ndi wapachala chibadwire, ndipo tsiku limenelo sindinaubweze. Ndinamenya ndodo pansi.

"Abambo omasulira, tawafunseni adokotala. Akamacheka, limve kuwawa ndi diso la yani?"

Anamasulira.

"Achimwene," ndinatero, "mbumba ndi yanu, sindikukana. Ndikafa maliro ndi anu. Koma mdima uwu ndimakhalamo ndekha, simunalowemo ndi tsiku limodzi lomwe. Adokotala andiuze ine zimene akufuna kuchita."

Ndinamva mpando ukukokedwa, mawu a mzungu n'kubwera pafupi ndi nkhope yanga. Anati diso salichotsa, amangotulutsa kanthu kamene kachita mbuu m'kati mwake. Adonthezamo mankhwala kuti lichite dzanzi, ndipo ine ndidzakhala ndili maso. Anawonjeza kuti nthawi zina zimakanika, diso n'kuferatu. Mawu omalizawo ndi amene anandikhazika mtima pansi, chifukwa wakuba maso sakanandiuza zimenezo. Anati ayamba lamanja, likapola achite lamanzere.

"Lamanja ndalola," ndinatero. "Lamanzere ayi. Limandiuzabe kuti kunja kwacha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Mantha ndinali nawo, ndisaname. Pamene ankacheka ndinagwira m'mphepete mwa tebulo mpaka zala kuuma. Atamaliza ndinapempha kuti kanthu kaja akapereke kwa mlongo wanga. Anamuikira m'dzanja, kakang'ono kosafika ngakhale pa njere ya nyemba.

"Gawo lanu ndi limenelo, achimwene," ndinatero ndili chigonere. "Mudzandiike nalo."

Anang'ung'udza, koma anakamanga pa nsonga ya nsalu yake, ndipo sanabwerere kumudzi. Masiku onse amene ndinagona chagada, mutu wosatembenuza, iye ankagona pakhonde la chipatala.

Tsiku lomasula nsalu imene anandimanga kumaso anandiveka magalasi olemera. Choyamba kuwona chinali mphuno ya dokotala, yofiira yosupuka ndi dzuwa. Ndinaseka mpaka anandiletsa poopa kuti bala litseguka. Kenaka ndinawona zenera, mtengo wa mbawa panja, tsamba lililonse palokha, ndi azibambo anga awiri ataima pakhomo, onse imvi mbuu. Palibe amene anandiuza kuti akalamba chonchi. Ndinalira ndi chimwemwe, diso labwino ndi loipa lomwe.

Dokotala, atawona kuti ntchito yake yakoma, anayambanso za lamanzere. Ulendo uno anayang'ana ine, osati amuna aja. Ananena kuti maso awiri aposa limodzi, kuti dzanja lake ndaliwona ndekha. Zonse zinali zoona. Koma kugona chagada kuja ndinali nditatopa nako, ndipo zimene ndinabwerera ndinali nditazipeza.

"Zikomo, adokotala. Ayi."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kugwedeza mutu, n'kuitana wodwala wina.

Lamanzere ndili nalo mpaka lero ndi nkhungu yake. Chaka chomwecho ndinakalowa sukulu ya m'mudzi, nkhalamba ya magalasi pakati pa tiana tamamina, anthu akuseka. Zimene mukuwerengazi ndalemba ndekha, ndi diso limodzi.