A Mpope ndi Maluwa a Malemu

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala bambo wina wopuma pantchito, amene ana anawapatsa dzina loti a Mpope. Mpope wa mankhwala suchoka kumsana kwawo. Nyerere zikadutsa pakhonde amapopera, gulugufe akatera amapoperanso. Mawu awo ndi omwewo tsiku lililonse: "Ine tizilombo sindicheza nato."

Malemu amuna anga anandisiyira maluwa achikasu m'zitini, pansi pa zenera. Pamaluwapo pankabwera tintchentche ta mizere yakuda ndi yachikasu, tofanana ndi njuchi koma topanda mbola. Tintchentcheto tinkaima m'malere malo amodzi ngati tapachikidwa pa ulusi. Malemu ankati mphutsi zake ndi zimene zimadya nsabwe za m'masamba. Ankatha kugwira kamodzi n'kukaika m'dzanja langa kuti ndisiye mantha.

Tsiku lina pochokera kumsika ndinapeza pabwalo ponse pakununkha mankhwala, tintchentche tili mbwee pansi, miyendo m'mwamba.

"Alamu, njuchi zija ndakuchotserani," anatero a Mpope akupukuta thukuta. "Nyumba yopanda mwamuna imafuna woiyang'anira."

"Sizinali njuchi," ndinayankha chapansipansi.

"Aaa, inu mungazidziwire kuti? Musavutike n'kuthokoza."

Posakhalitsa nsabwe zinadzaza, masamba anapiringizika, maluwa onse n'kuuma. Dzulo a Mpope anasuzumira pampanda, n'kuona zitini zili dothi lokhalokha. Anapukusa mutu mondimvera chisoni.

"Mukanandiitana msanga, alamu. Ndikanadzapoperanso."

Ndinangoti, "Zikomo, abambo," n'kutseka zenera.